ZA NDALAMA ZAZING'ONO ZA ANA A SUKULU, NDI KUMENE ZIYENERA KUSUNGIDWA

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'sukulu za misyoni

Mphunzitsi ali yense amene wakhala zaka zingapo pa nchito adziwa kuti ana a sukulu ali nazo ndalama, ngakhale akulu ambiri sabvomera zimenezi. Mnyamata apalira m'munda wa mnansi tsiku Loweruka nalandira ya ganyu; mtsikana agulitsa vitumbuwa kapena nshawa zokazinga pa cipata ca sukulu; winanso ali ndi amalume ace ku Kitwe kapena ku Lusaka amene amtumizira kanthu pa foni mwezi ukatha. Ndalama zimenezi nzazing'ono, K10 lero, K25 sabata la mawa, ndipo cifukwa ca kucepa kwace palibe amene aziyesa cuma. Koma ciyambire January 2022, pamene boma linacotsa malipiro m'sukulu zace kufikira ku sekondale, ana ambiri a m'mabanja osauka abwerera m'makalasi, ndipo iwowa ndiwo amene nsapato, yunifomu, makope ndi ndalama ya basi ziwalemera koposa. Kwa mwana wotere K600 yosungika bwino ikhoza kumfikitsa ku sukulu ya kutali kumene wasankhidwa, ndipo ikasowa atsala pa mudzi.

Mwana akafunsa kumene angasunge ndalama zace, aphunzitsi ambiri ayankha msanga kuti, "Kaike ku banki," nayesa kuti atha nchito. Yankho limeneli licokera mu mtima wabwino, koma nlosakwanira, ndipo nthawi zina liononga. Mlimi asanathire cimanga m'nkhokwe ayamba wayang'ana ngati tsindwi lidontha, ngati makoswe angakwere, ngati muli anankafumbwe. Mwini munda waukulu apirira anankafumbwe pang'ono, pakuti cotsala ncambiri. Koma wokolola madengu awiri okha, akaika m'nkhokwe yofumbwa, pofika December apeza fumbi lokhalokha. Malipiro amene banki icotsa m'akaunti ali otero: munthu wa ndalama zambiri sawamva, koma mwana wa sukulu amdyera zonse.

Kale nkhani imeneyi inali yapafupi. Banki ya ku positi inayamba ku Britain m'caka ca 1861, ndipo inapangidwira anthu a ndalama zocepa. Munthu anali kuloledwa kuika ngakhale sheleni imodzi. M'caka ca 1880 Henry Fawcett, mkulu wa mapositi wa dziko limenelo, amene anali wakhungu, anazindikira kuti kwa ana ndi kwa amphawi sheleni yomweyo inali yaikulu, nakonza kuti pakhale kapepala komatapo masitampa a kobiri limodzi limodzi. Masitampa akakwana 12, kapepalako kanali kulandiridwa ngati sheleni. Banki ya ku positi inagwira nchito kunonso m'masiku a Northern Rhodesia, ndipo agogo ambiri akumbukira kabuku kao kamene kalaliki anali kulembamo ndi kudindamo cidindo. M'caka ca 1972 nchito imeneyi inapita kwa National Savings and Credit Bank, imene anthu aicha Natsave. Cokoma ca kabuku kaja cinali cakuti mwini wace anaona ndi maso ace cimene calowa ndi cimene caturuka. Lero ndalama zicoka m'akaunti usiku, mwini wace ali m'tulo, ndipo adziwa pokhapo akafunsa.

Tsono nkhani iyenera kupita pa bolodi. Manambala otsatirawa aikidwa kuti aonetse njira ya kawerengedwe. Si mitengo ya banki iri yonse, pakuti mitengo isiyana ndiponso isinthasintha. Mwana aika K20 sabata liri lonse la sukulu, masabata 13 pa temu, matemu atatu. Pa caka waika K780. Banki ilonjeza ciongoladzanja ca 4 pa 100 pa caka. Popeza ndalamazo zinalowa pang'ono pang'ono, sizinagone zonse m'banki caka cathunthu. Kuziyeza pakati, zimene zinakhalamo ziri ngati K400, ndipo ciongoladzanja cace ndi K16. Koma banki yomweyo icotsa K15 mwezi uli wonse, niti ndi ya kusamalira akaunti. Pa miyezi 12 ndiyo K180. Mwanayo anaika K780, napindula K16, nacotseredwa K180, natsala ndi K616. Kudzimana kwace kwa masabata oposa 8 kwapita pacabe. Mnzace amene anabisa zace m'citini pansi pa mphasa ali nayo K780 yonse, ndipo amseka. Alaliki akonda kuchula fanizo la matalente pa nkhani ya kusunga ndalama, ndipo nzoona kuti kapolo wokwirira pansi uja anatsutsidwa. Koma fanizolo silinena kuti munthu apereke ndalama zace kwa wosunga ali yense asanamfunse mtengo wace.

Liripo funso limodzi limene mwana wa kalasi lotsiriza la pulaimale akhoza kuliwerengera yekha: kodi m'akaunti muyenera kukhala zingati kuti ciongoladzanja cingokwanira kubweza malipiro? Atenge malipiro a caka conse, agawe ndi ciongoladzanja, acurukitse ndi 100. K180 kugawa ndi 4 ndi 45. Kucurukitsa ndi 100 ndi K4,500. Ndiko kunena kuti ali yense amene ali ndi zosakwana K4,500 m'akaunti yotere ali kulipira banki kuti imsungire, ndipo akaleka kuikamo, ndalama zace zicepa mwezi ndi mwezi kufikira zitatha. K100 yosiyidwa m'menemo siiona mwezi wacisanu ndi citatu. Cotero posankha akaunti ya mwana, za ciongoladzanja zibwera pambuyo. Funso loyamba nlakuti, kodi icotsa zingati ngakhale mwini wace asacite kanthu? Yankho loyenera mwana ndi limodzi lokha, lakuti siicotsa. Pa K400, akaunti yosacotsa kanthu ya 2 pa 100 ipatsa K8, pamene ina yodzitama ndi 6 pa 100, nicotsa K15 pa mwezi, ipatsa K24 ndi dzanja limodzi nitenga K180 ndi linzace.

Pa cinthu ici lamulo liri ku mbali ya wosauka, koma ocepa alidziwa. M'caka ca 2018 Bank of Zambia, imene iyang'anira mabanki onse a dziko lino, inaletsa malipiro 26 amene inawayesa opanda cifukwa. Pakati pao panali kulipiritsa munthu poika ndalama zace, potseka akaunti, ndi podzutsa akaunti imene inagona. Mabanki angapo ali nawo maakaunti a ana ndi a ophunzira, opepuka malipiro, koma si kalaliki ali yense amene ayamba yekha kuwachula. Banki iri yonse iri ndi ndandanda yolembedwa ya mitengo yace, ndipo woipempha apatsidwa. Cobvuta ncakuti anthu ambiri a ku mudzi alowa m'banki monga alowa m'bwalo la milandu, cipewa ciri m'manja, nasaina pamene kalaliki waloza cala. Safunsa anadya phula. Ana aphunzitsidwe kuti wobwera ndi ndalama ndiye wogula, monga pa msika, ndipo palibe mwano pa kufunsa mtengo ndi kupita ku khomo lina mtengowo ukakula.

Atafunsa za pa mwezi, afunse za potapa. Malipiro a potapa kawiri kawiri sayang'ana kuti wotapayo watenga zingati. K10 pa K1,000 ndi 1 pa 100. K10 yomweyo pa K50 ndi gawo limodzi la magawo asanu. Mwana wotapa K50 kasanu ndi kamodzi pa temu wataya K60, pamene akadatapa K300 kamodzi akadataya K10 yokha. Afunsenso za ndalama imene iyenera kutsala m'akaunti nthawi zonse, pakuti K100 imene sangathe kuitapa siimthandiza tsiku la tsoka. Afunse za khadi likatayika, za mauthenga a pa foni, za kutapa pa makina a banki ina, ndiponso za cimene cicitika tsiku limene akwanitsa zaka kapena atsiriza maphunziro. Cotsirizaci ciiwalika kwambiri. Akaunti ya wophunzira ikhoza kusanduka ya munthu wamkulu pamodzi ndi malipiro ace onse, mwini wace asanazindikire, ndipo icita zimenezi pa nyengo imene iye ali kuyendayenda ndi makalata ofunsira nchito, wopanda coikamo.

Alipo malipiro ena osalembedwa pa ndandanda, ndiwo a ulendo. Mwana wa ku midzi ya kuseri kwa Chadiza kapena Katete, akalipira K40 kupita ku boma ndi kubwerako kuti akaike K60, wataya koposa zimene banki yoipa ikadamcotsera. Kumidzi funso lakuti "banki iti?" liyenda pamodzi ndi lakuti "ndani ali pafupi?" Mabanki ambiri tsopano ali ndi owaimira m'masitolo, ndipo banki yokhala ndi woiimira pa msika wa pafupi iposa ina ya dzina lalikulu imene iri pa mtunda wa tsiku lathunthu.

Apa ndipo foni yapambanira banki. Kafukufuku wa FinScope anapeza kuti m'caka ca 2015 akulu 14 okha pa 100 m'Zambia anali kugwiritsa nchito ndalama za pa foni. Pofika 2020 anali oposa theka, pamene ogwiritsa nchito mabanki anali ngati mmodzi mwa asanu. Cifukwa cace ncoonekeratu. Tinyumba ta Airtel Money ndi MTN tiri pa msika uli wonse, kuika ndalama m'thumba la pa foni sikulipiritsa, ndipo palibe cocotsa pa mwezi. Kwa mwana wa K20 zimenezi nzabwino ndithu. Koma potapa alipira, potumiza alipira, ndipo ciyambire January 2024 pali msonkho wa boma pa ndalama zotumizidwa kwa munthu wina. Ciongoladzanja ca m'thumba wamba la pa foni ncacing'ono, ngati ciripo. Makampani ena atsegula njira zosungira ndi phindu kudzera pa foni yomweyo, ndipo zimenezi zifunsidwe mafunso onse amene afunsidwa banki, kuonjezapo lakuti, kodi ndalamazo zigona m'manja mwa yani, ndipo cilolezo anampatsa ndani?

Koma malipiro akulu a foni satengedwa ndi kampani; atengedwa ndi cala ca mwini wace. Nkhokwe yabwino iri ndi khomo lobvuta pang'ono, kuti munthu aganize asanakwere. Ndalama ya pa foni iri pafupi usana ndi usiku, ndipo pafupi pomwepo pali bando ya intaneti ndi juga ya mpira. Aphunzitsi a ku sekondale awadziwa anyamata amene anasonkhanitsa ndalama temu yonse naziluza m'madzulo amodzi a Loweruka. Aliponso akuba otumiza uthenga wakuti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi," kapena oimba foni ndi mau aulemu, nadzicha anchito a kampani, napempha nambala yacinsinsi. Nambala imeneyo siuzidwa munthu, ngakhale bwenzi la pa desiki limodzi. Cinanso ndi ici: citupa ca boma, cimene ana acicha reji, cipatsidwa kwa wa zaka 16, ndipo wosafika pamenepo agwiritsa nchito nambala yolembetsedwa m'dzina la mkulu wace kapena la msuweni. Pakabuka mkangano, kampani idziwa dzina lolembedwalo, siidziwa amene anakazinga nshawa. Foni tsono ikhale njira yosonkhanitsira ndi yoyendetsera ndalama. Zikafika K200 kapena K300 zisamutsidwe kamodzi kupita kumene cala sicifika msanga.

Nankafumbwe wina saoneka pa cipepala ciri conse, ndiye kukwera kwa mitengo ya zinthu. Kwacha pamene inayamba m'caka ca 1968 inali theka la paundi. Akulu amene anaona zaka za 1992 ndi 1993, pamene mitengo inali kukwera koposa kawiri pa caka cimodzi, safuna kuuzidwa cimene cinacitikira ndalama zosungidwa. Ndipo pa 1 January 2013 boma linafafaniza maziro atatu, K1,000 yakale nikhala K1. Bank of Zambia iyesetsa kuti mitengo ikwere pakati pa 6 ndi 8 pa 100 pa caka, koma pakati pa caka ca 2021 inakwera ndi 24.6. M'caka cotere K1,000 ya m'citini igula zimene K803 inagula caka cathaco. Ya m'akaunti yosacotsa kanthu ya 4 pa 100 ikhala K1,040, nigula za K835. Ya m'akaunti yocotsa K15 pa mwezi ikhala K860, nigula za K690. Onse atatu ataya, koma wolipira pa mwezi wataya koposa wa citini. Mphunzitsi woona mtima asalonjeze mwana kuti banki idzamlemeretsa. Banki icinjiriza ndalama kwa mbala, ku moto, kwa ciswe ndi kwa mwini wace. Ku mitengo yokwera icinjiriza pang'ono pokha. Cifukwa cace mwana amene agula nsapato za January m'mwezi wa October, ndalama zitakwana, sanalakwe; ndipo amene agula nkhuku ziwiri asanyozedwe, pakuti nkhuku iswa koposa 4 pa 100, ngakhale kuti citopa cikadza sicisiya ndi imodzi yomwe.

Ophunzira a ku makoleji ndi ku mayunivesite ali ndi njira zina, pakuti ena a iwo akhoza kufika pa K1,000 kapena kupitirira. Yapafupi ndiyo kutsekera ndalama ku banki miyezi itatu, isanu ndi umodzi, kapena caka, pa ciongoladzanja cokwererapo. Wotsegula nthawi isanakwane alangidwa pa phindu lace. Inanso ndiyo kubwereka boma. Boma libwereka kwa anthu kudzera ku Bank of Zambia ndi mapepala ochedwa Treasury bills, a masiku 91, 182, 273 ndi 364, ndiponso ndi ma bond a zaka ziwiri kufikira 15, ndipo munthu wamba akhoza kuyamba ndi K1,000. Kayendedwe ka pepala la masiku nkakuti wogula alipira zocepera mtengo wolembedwapo, ndipo tsiku likakwana alandira mtengo wonse. Mwa citsanzo, alipira K880 nalandira K1,000. Pa K120 ya phinduyo acotsapo msonkho ndi malipiro a kayendetsedwe, ndipo wogula kudzera ku banki yace afunse ngati nayonso iikapo zace. Ena aopa cifukwa mu November 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole zace za kunja. Koma mapepala a kwacha anapitirira kulipidwa. Cimene wophunzira ayenera kuopa ndico kutsekera masiku 364 ndalama imene adzaifuna pa lendi ya mwezi wa mawa.

Kulinso matumba ochedwa unit trust, m'mene anthu ambiri asonkha ndalama, nazipereka kwa akatswiri kuti agule mapepala a boma ndi masheya. Matumba amenewa ayang'aniridwa ndi Securities and Exchange Commission, ndipo ena alandira ndalama zocepa. Malipiro ace sachulidwa m'makwacha koma m'magawo a pa 100, ndipo cifukwa ca ici amveka ang'ono. Koma K1,000 yokula ndi 12 pa 100 zaka khumi ifika K3,106. Ikacotsedwa 2 pa 100 caka ndi caka, nikula ndi 10 yokha, ifika K2,594. Kusiyana kwace ndi K512, koposa theka la ndalama imene inaikidwa poyamba. Wofuna kulowa afunse zimene acotsa polowa, pa caka ndi poturuka, ndipo phindu limene amuonetsa alifunse ngati liri la malipiro atacotsedwa kale. Za kugula masheya yekha pa msika wa ku Lusaka, umene unatsegulidwa m'caka ca 1994, palibe zambiri zonena: mtengo wa sheya ukwera nutsika, wogulitsira atenga gawo lace, ndipo ndalama ya mayeso siiyenera kumeneko.

Kodi banki yeniyeni siingagwe? Igwa. Meridien BIAO inagwa m'caka ca 1995. Bank of Zambia inalanda Intermarket m'caka ca 2016, ndi Investrust mu April 2024, ndipo osunga ndalama anadikira. Cilolezo sicitanthauza kuti nyumba siingapse, koma kuti alipo woyang'anira, alipo mabuku olembamo dzina la wosunga ali yense, ndipo iripo njira yodandaulira. Maina a okhala ndi cilolezo Bank of Zambia iwaonetsa poyera pa intaneti. Kumene kulibe cilolezo kulibe zonsezi. Caka ndi caka abuka anthu olonjeza 30 pa 100 pa mwezi, nati wobweretsa anzace awiri adzalandira zoposa. Ana awerengere okha: K1,000 yokula ndi 30 pa 100 mwezi ndi mwezi ipitirira K23,000 caka cisanathe kutembenuka. Palibe munda wa thonje, palibe mgodi wa mkuwa, umene ubala cotero. Oyamba alipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo obwera akatha, mwini nchitoyo asowa. Lamulo la mabanki la 2017 liletsa malonda otere. Ncomvetsa cisoni kuti aphunzitsi omwe akhala pakati pa onyengedwa, ndipo ena pakati pa oitana anzao, pakuti pa mudzi anthu akhulupirira cimene mphunzitsi walowamo.

Cilimba ncodziwika kwa onse. Ciribe malipiro, ciribenso ciongoladzanja. Mphamvu yace ndi manyazi, pakuti munthu aopa kufika kwa anzace cimanjamanja. Koma wolandira potsiriza asenza tsoka la onse, ndipo ana a sukulu asamuka pakati pa caka. Magulu a kusunga ndi kubwerekana, amene bungwe la CARE linayamba ku Niger m'caka ca 1991 ndipo Catholic Relief Services inafalitsa mtundu wace wochedwa SILC, athandiza amai ambiri, ndi bokosi lao la maloko atatu ndi makiyi kwa anthu atatu. Koma phindu la magulu amenewa licokera ku ngongole za mamembala, ndipo ngongole siiyenera ana. Gulu la ana likayamba kubwereketsa pa ciongoladzanja lasanduka kaloba wa pa sukulu, ndipo mathero ace ndi ndeu kuseri kwa cimbudzi. Ana asunge kokha.

Komabe m'kusonkhana muli nzeru imene itembenuza masamu onse aja. Ana 40 a kalasi limodzi, ali yense ndi K20 yace ya pa sabata, akaika m'akaunti imodzi ya gulu, ndalama zao zoyeza pakati zikhala K16,000, kupitirira kutali malire aja a K4,500. Ciongoladzanja ca 4 pa 100 cikhala K640. Kucotsa K180 kutsala K460 yogawana. K15 ya pa mwezi, imene inamiza mwana mmodzi, igwera ali yense ngwee 38. Ulendo wa ku boma ukhala umodzi m'malo mwa 40. Pang'ono pang'ono ndi mtolo, koma mtolo umenewu upepuka pousenza ambiri.

Apa ndipo pali ngozi ya mphunzitsi mwini. Ndalama za ana zisagone m'thumba lace, m'nyumba mwace kapena pa foni yace, ngakhale usiku umodzi ngati nkotheka. Si cifukwa cakuti aphunzitsi ndi akuba. Koma mphunzitsi nayenso ali ndi ngongole, ali ndi maliro, ali ndi mwana wodwala, ndipo mau akuti "ndidzabweza malipiro akaturuka" agwetsa anthu abwino ambiri. Osaina akhale atatu, mphunzitsi wa gulu, mphunzitsi wamkulu ndi kholo losankhidwa ndi makolo anzace, ndipo ndalama zisaturuke popanda awiri a iwo. Mwana ali yense akhale ndi kabuku kace, monga kaja ka ku positi, ndipo cimene walipira cilembedwe iye akuona. Ndalama ziwerengedwe pa thebulo pamaso pa onse, ndipo cipepala ca ku banki ciwerengedwe mokweza kamodzi pa mwezi ndi mmodzi wa anawo. Mphunzitsi wotaya ndalama za ana akhoza kubweza makwacha, koma ana 40 aja adzakula akudziwa kuti wosunga ndiye wopusa, ndipo adzauza ana ao.

Za makolo zifuna nzeru ndi ulemu. Wosafika zaka 18 atsegula akaunti yace pamodzi ndi kholo kapena womlera, ndipo kawiri kawiri wamkuluyo ndiye ali ndi mphamvu yotapa. Mai amene atenga K200 ya mwana wace kugula ufa m'mwezi wa February, nkhokwe itatha, sali mbala, ndipo mphunzitsi asamnene cotero pamaso pa mwanayo. Koma alipo makolo ena amene ndalama yotere ithera ku mowa, ndipo alipo ana amasiye okhala kwa abale amene ayesa ciri conse ca mwanayo cao. Cifukwa cace makolo aitanidwe gulu lisanayambe, ndipo colinga ca mwana ali yense cichulidwe pamaso pao ndi kulembedwa pa tsamba loyamba la kabuku: nsapato, yunifomu, ulendo wa ku sekondale. Ndalama yokhala ndi dzina ibvuta kuibwereka. Atsikana makamaka asatsalire. Mtsikana amene ali ndi K50 yaceyace ya sopo, ya zofunika za pa mwezi ndi ya basi, sacedwa kukana mphatso ya mwamuna wa pa golosale. Ndipo aphunzitsi adziwa kumene mphatso zotere zitsirizira.

Malamulo a gulu alembedwe pa tsiku loyamba, ndipo asaiwale mwana wocoka pakati pa caka. Wosamuka, woleka sukulu, kapena mtsikana amene wapita kukabala, apatsidwe ndalama zace zonse sabata lomwelo, m'manja mwace, kholo liripo, nasaine m'buku la gulu. Mwana akamwalira zipite kwa amene anachulidwa pa tsamba loyamba lija. Ciongoladzanja cigawidwe kumapeto kwa temu yacitatu monga mwa ndalama za ali yense ndi miyezi imene zinagona m'banki, ndipo kugawako kucitike pa bolodi, m'nthawi ya masamu, ana eni ace atagwira coko.